Mkonono Wodukizadukiza: Zomwe Dokotala wa Mano Angaone M'kamwa Mwanu

Munthu akagona tulo, minofu ya pakhosi imafewa ndipo lilime limagwera kumbuyo. Kwa ena njira ya mpweya imatsekeka ndithu, kupuma n'kuima masekondi 10 kapena kuposa, mpaka munthu atadzidzimuka n'kukoka mpweya ngati wotsamwa. Matendawa amatchedwa sleep apnea. Kupuma kukamaima ka 5 mpaka ka 14 pa ola ndiye kuti sanakule, koma kukafika ka 30 avuta kwambiri. Mwiniwake kukacha sakumbukira kanthu, amangodzuka wotopa, mutu ukuwawa, kukhosi kuli gwa. Amene amadziwa ndi wogona naye chipinda chimodzi.

Nanga dokotala wa mano zikumukhudza bwanji? Iyeyu ndi amene amakuyasamitsani kukamwa n'kuunika mpaka kukhosi, ndipo zizindikiro zina zili momwemo: lilime lalikulu lokhala ndi timizere ta mano m'mphepete, mano operepeseka chifukwa chokukuta usiku, ma tonsils (tinyama tiwiri ta m'mbali mwa kukhosi) otupa, nsagwada ya m'munsi yaing'ono yobwerera kumbuyo. N'chifukwa chake mu 2017 bungwe la madokotala a mano ku America la American Dental Association lidalimbikitsa madokotalawa kuti azifufuza vutoli mwa odwala awo.

Musadabwe akakufunsani mafunso osakhudza dzino lomwe mwabwerera. Ambiri amatsatira mafunso 8 otchedwa STOP-BANG: kodi mumaliza mkonono kwambiri, mumasinza masana, wina adakuonanipo mutasiya kupuma, muli ndi BP, ndinu onenepa kwambiri, mwapitirira zaka 50, khosi lanu ndi lalikulu kuposa masentimita 40, ndinu bambo? Mukayankha "inde" katatu kapena kuposa, mpofunika kuyezetsa. Amayi asaganize kuti ndi za abambo okha, makamaka akasiya kusamba. Ana nawonso amadwala, kawirikawiri chifukwa cha ma tonsils.

Dokotala wa mano sangagamule kuti muli nawo matendawa. Ntchito yake ndi kukutumizani kwa dokotala wina amene adzayeze kapumidwe kanu ndi mpweya wa m'magazi usiku wonse muli mtulo. Pitaniko ndithu. Mkonono timauseka, koma matendawa akalekereredwa amakweza BP, amaonjezera chiopsezo cha sitiroko, matenda a mtima ndi shuga, ndipo dalaivala wosinza pachiwongolero amapha anthu.

Thandizo lilipo: makina a CPAP opopera mpweya m'mphuno usiku, kapena kachida kovala m'mano kokankhira nsagwada kutsogolo, komwe amakonza ndi dokotala wa mano yemweyo. Kuchepetsa thupi, kugona chammbali osati chagada, ndi kusiya mowa wa madzulo kumathandizanso. Mapiritsi ogonetsa musamwe popanda kufunsa dokotala. Ngati akufuna kukugonekani tulo pochotsa dzino kapena pa opareshoni iliyonse, auzeni za mkonono wanuwo asanayambe.