Kamera siseka: Oscar Wilde akalowa mu filimu

Sewero la Oscar Wilde lotchedwa The Importance of Being Earnest linaonetsedwa koyamba ku St James's Theatre mu London pa 14 February 1895. Ndi la mtundu uja wonyodola anthu apamwamba: ulemu wapakamwa, maukwati oyang'ana chuma ndi mtundu wa munthu, mabodza onenedwa nkhope ili gwa. Zochitika n'zochepa. Anthu amakhala pabalaza kapena pabwalo la maluwa, kumwa tiyi n'kumalasana ndi mawu.

Vuto la wopanga filimu lagona pomwepo. Pa siteji, wosewera akaponya mawu obaya amayamba waima kuti holo iseke, kenako n'kupitiriza. Kaimidwe kameneko amakayeza usiku uliwonse malinga ndi anthu amene abwera. Kamera siseka. Wodula ndi kulumikiza zithunzi amachita kulosera, ali yekha m'chipinda, kuti owonera adzaseka nthawi yaitali bwanji. Akafulumira, mawu otsatira amamira m'phwete. Akachedwa, wosewera amaoneka ngati waiwala zonena. Ife ophunzitsa zisudzo timathera nthawi yambiri pa kadanga kameneka kuposa pa mawu enieniwo.

Anthony Asquith, mu filimu yake ya 1952, sanabise n'komwe kuti akujambula sewero. Imayamba ndi anthu akukhala pamipando m'holo, katani n'kutseguka. Pa Lady Bracknell, mayi wapamwamba wa m'seweroli, anatenga Edith Evans, amene anali atasewera kale mayiyu pa siteji. Jack (Michael Redgrave), mnyamata wofuna kukwatira Gwendolen, mwana wa Lady Bracknell, akaulula kuti ali khanda anamutola m'chikwama pa siteshoni ya sitima ya Victoria, Evans amalikoka liwu la kudabwa mpaka kumveka ngati nyumba ikugwa. Liwulo ankalidziwa kale kulemera kwake, chifukwa anali atalimva likugwedeza maholo.

Oliver Parker mu 2002 anatenga njira ina, ya kulitulutsa sewerolo panja. Algernon (Rupert Everett), mnzake wa Jack, amafika kumudzi atakwera chibaluni, Cecily, mtsikana amene Jack amamulera, amalota msilikali wakale wovala zachitsulo, Gwendolen amakadinditsa dzina la bwenzi lake pathupi. Chimodzi anachita bwino: anabwezeretsa kachigawo ka loya wobwera kudzamanga Ernest (dzina labodza limene Jack ndi Algernon amagwiritsa ntchito) chifukwa cha ngongole ya chakudya ku hotela ya Savoy, kamene kanachotsedwa pamene Wilde anafupikitsa sewerolo kuchoka pa magawo 4 kufika pa 3. Nayenso Judi Dench, amene anasewera Lady Bracknell, anachenjera, nkhani ya chikwama ija anaiyankha motsitsa mawu, podziwa kuti kamera ili pamphuno.

Koma zodinda pathupizo ine sindigwirizana nazo. Gwendolen amaseketsa chifukwa chilakolako chake chimabisala m'ziganizo zaulemu, ndipo owonera amachita kuchinunkhiza okha. Parker anachiika poyera, moti pofika nthawi yoti mtsikanayo alankhule, timakhala titadziwa kale zonse zimene mawu ake amayenera kubisa.