Batire ya lithium sithiramo madzi, chonde mvetsani

Sabata ino yokha anthu atatu abwera pa shopu panga ndi funso limodzimodzi, ati amisiri, batire yanga ya sola yafooka, simungaithireko asidi kapena mankhwala aja olimbitsa? Ine landitopetsa funso ili. Chiyambire kuvuta kwa malaiti mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, ambiri muno mu Chipata anagula mabatire a lithium, koma m'mutu akadali ndi batire ya galimoto ija ya tizitsekero pamwamba.

Mu batire ya lithium mulibe madzi olo dontho. Muli mchere wotchedwa LiPF6 wosungunulidwa mu mankhwala a carbonate, ndipo ku negetivu kuli graphite, yemwe uja wa mu pensulo. Manje ku fakitale akamaichaja koyamba, pang'onopang'ono, mankhwala aja amaphwanyikako pamwamba pa graphite n'kusiya kakhungu kopyapyala zedi, tsitsi lanu ndi lonenepa kuposa pamenepo koposa ka 1,000. Kakhungu aka amati SEI, dzina analipereka ndi Emanuel Peled mu 1979. Lithium kamamulola kudutsa, ma electron kamawatsekereza, ndiye mankhwala otsalawo sapitiriza kuphwanyika. Amene munaonako agogo akuphika phala la gaga mu mphika wadothi watsopano kuti usamachuche mwamva kale, ndi ntchito ya pachiyambi.

Mankhwala olimbitsa aliko zoona, ndipo apa mpamene akuba apezera pobisala. Pali vinylene carbonate, amaika pang'ono chabe, 1 kapena 2 pelesenti, iye amathamangira kuphwanyika anzake asanayambe kuti kakhungu kaja kagwire bwino kasamang'ambike. Pali wina FEC, wa mabatire okhala ndi silicon, poti silicon amatupa kwambiri pochaja n'kumang'amba khungu. Koma onsewa amawathira ku fakitale m'chipinda chouma gwa, batire isanatsekedwe komanso isanalawepo moto. Ikakalamba khungu lija limakhala lakhuthala, ladya lithium wambiri, jakisoni palibe chimene angabweze.

Nkhani yomwe imandisowetsa tulo ndi ya amayi ena a ku Mambwe, ogulitsa madzi ozizira ndi munkhwani wa mu furiji. Batire anaiika m'kanyumba ka malata kopanda windo, ndiye kutentha kwa kuchigwa mu Okutobala mukukudziwa, kutentha kumakulitsa khungu lija msanga ndipo mkati mumayamba kutuluka gasi. Anandiimbira foni ati bokosi latupa ngati mimba ya mbuzi. Ndinawauza kuti amama zimitsani, itulutseni panja pamthunzi, mubwere nayo. Anati transipoti yadula, adikira kumapeto kwa mwezi. Pakati apo kunabwera kamnyamata kena koyenda ndi sirinji m'chikwama, kanatsegula bokosi, kanaboola maselo awiri, timabatire ta mkati mwa bokosilo, n'kupopera madzi a batire ya galimoto, kanalandira ndalama n'kupita.

Madzi akakumana ndi LiPF6 amapanga asidi wa HF, amene amadya khungu lija ndipo akakugwera amalowa mpaka mkati mwa mnofu. Khungu likachoka graphite yodzala lithium imakumana ndi mankhwala maso ndi maso, kutentha kumakwera, ndipo kukafika pakati pa madigiri 80 ndi 120 khungu lotsalalo limayamba kuphwanyika lokha, apo kuigwira kwavuta. Usiku womwewo kanyumba kanadzaza utsi. Mwana wawo wa giredi 7 ndiye anathamanga kukakoka mawaya. Dzanja lake ndinaliona patapita milungu iwiri, zala ziwiri zomangidwa bandeji pamodzi, cholembera samatha kugwira mayeso ali pafupi. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti bwanji sindinakwere basi tsiku lomwe anaimba lija.

Ndiye ngati yanu yatupa, kaya ya sola kaya ya foni yomwe yakankha sikirini, kapena ikununkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, lekani kuchaja lero lomwe. Osaifinya, osaiboola ndi singano ati gasi atuluke, osaisunga kuchipinda kogona ana. Ikani panja pa mchenga kutali ndi udzu ndi nkhokwe, muitane munthu amene amayeza maselo ndi mita, ndipo akafika atanyamula sirinji mubwezeni pa geti pomwepo.