Mafuta osavuta kupopa akuchepa, otsalawo ndi okhuthala

Mzere wa petulo ukatalika ku Limbe kapena ku Ginnery Corner, ena amafunsa ngati mafuta atha padziko. Sanathe ayi. Mizere yathu imabwera makamaka chifukwa chosowa ndalama zakunja. Komabe pansi pa nthaka pakusintha chinthu chomwe chikukhudza mtengo wa lita iliyonse, ndipo ife a ntchito ya mafuta tiyenera kuchifotokoza.

Mafuta omwe dziko lidazolowera ndi opepuka. Mukaboola chitsime, poyamba amakwera okha, ndipo kuwayenga sikuvuta. Koma chitsime chilichonse chimafika pachimake n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Mu 1956 katswiri wa za miyala M. King Hubbert adalosera kuti izi zidzachitikira America yonse, ndipo zidachitikadi mu 1970. Mafuta a Britain a m'nyanja ya North Sea adatero mu 1999. Mu 2010 bungwe loona za mphamvu padziko la International Energy Agency lidati mafuta a mtunduwu adafika kale pachimake padziko lonse mu 2006.

Mpata wotsalawo akuutseka ndi mafuta omwe America imatulutsa pophwanya miyala ya shale, komanso mafuta olemera. Olemerawa ndi okhuthala ngati phula lomwe amathira pamsewu, ena mpaka amamira m'madzi. Ambiri ali m'dera la Orinoco ku Venezuela ndi ku Alberta m'dziko la Canada, komwe asakanikirana ndi mchenga.

Kuwatulutsa ndi ntchito yakalavulagaga. Akakhala pafupi, amakumba mchenga pafupifupi matani 2 kuti apeze mbiya imodzi ya malita 159. Akakhala pakuya, amaboola zitsime ziwiri zoyenda chogona, china pamwamba pa chinzake. Cha pamwambacho amapopamo nthunzi yotentha kuti mafuta asungunuke n'kutsikira m'cha pansi. Nthunziyo imafuna madzi ambiri ndi gasi wowawiritsira, moti amawotcha mafuta kuti apeze mafuta. Akatuluka, sayenda m'paipi mpaka atawasakaniza ndi opepuka, ndipo poyenga ayenera kuchotsamo sulfure wambiri.

Venezuela ili ndi mafuta okwana mbiya pafupifupi 300 biliyoni pansi pa nthaka, kuposa dziko lina lililonse. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inkapopa mbiya zoposa 3 miliyoni patsiku, koma mu 2020 zidatsika osafika 1 miliyoni. Ndale za m'dzikomo ndi zilango za America zidathandizira kutsikaku, komanso mafuta otere akasowa ndalama ndi zipangizo amangokhala pansi.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ife timagula ndi madola mafuta oyengedwa kale, n'kulipiranso mayendedwe kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Mtengo wopopera ukakwera kunjako, MERA, bungwe loyang'anira mitengo ya mafuta kuno, ilibe mphamvu youtsitsa. Zomwe zili m'manja mwathu ndi kunyamula mafuta ambiri pa njanji ya Nacala m'malo mwa mathanka a pamsewu, ndi kuwonjezera ethanol wa ku Chikwawa ndi Dwangwa yemwe timasakaniza kale ndi petulo.