Church Boys anatenga ligi ya ku Nepal mu 2023, koma osewera anatsala opanda ntchito

Timu ikalowa kumene mu ligi yayikulu, aphunzitsife timaiuza kuti chaka choyamba ntchito yake n'kupewa kutsika basi. Church Boys United ya ku Lalitpur, m'dziko la Nepal, sinamvere zimenezo. Inachoka mu C Division, n'kudutsa mu B Division osachedwamo, ndipo mu 2023 itangofika mu Martyr's Memorial A-Division League inatenga ukatswiri, kulanda kwa Machhindra imene inapambana masizoni awiri otsatizana m'mbuyomo. Ligi imeneyi ndi yakale ndithu. Inayamba mu 1954, imayendetsedwa ndi bungwe la mpira la ANFA, ndipo timu yomwe yaitenga kochuluka ndi Manang Marshyangdi, kasanu n'katatu.

Chimene chinasiyanitsa sizoni ya 2023 ndi kasewerdwe kake. Mu 2021-22 matimu 14 anakumana kamodzikamodzi, timu iliyonse magemu 13. Mu 2023 anakumana kawiri, magemu 26 pa timu, onse pamodzi 182. Anthu ambiri amaona ngati kusiyanaku ndi manambala chabe, koma ayi. Pa magemu 13, timu yofooka ikhoza kukwera ndi mwayi wa mapenate awiri atatu ndi goloboyi amene ali pa fomu. Pa magemu 26 mwayi umatha, wosewera amavulala, makhadi achikasu amachuluka, ndipo amene amapambana ndi timu yokhala ndi benchi yodalirika. N'chifukwa chake ine chikho cha Church Boys ndimachilemekeza kwambiri.

Vuto linali nthawi. Magemu onsewo anapanikizidwa pakati pa Malichi ndi Juni, mvula yamphamvu ya kumeneko isanayambe. Zikutanthauza kuti timu inkasewera pafupifupi kawiri pa sabata kwa miyezi itatu. Thupi la wosewera limafuna masiku awiri kapena atatu kuti minofu ibwerere m'malo akatha mphindi 90. Akasewera Lachitatu n'kudzaseweranso Loweruka, Lachinayi amangowongola miyendo, Lachisanu amangokambirana za adani, ndiye mphunzitsi alibe tsiku lophunzitsa chatsopano. Minofu ya kuseri kwa ntchafu ndi imene imayamba kudandaula, makamaka kwa osewera a m'mbali omwe amathamanga kwambiri. Komanso magemu ambiri anali m'chigwa cha Kathmandu momwe muli pafupifupi matimu onse, pa mabwalo owerengeka monga Dasharath ndi Chyasal, moti mawu akuti kusewera pakhomo ndi koyenda analibe tanthauzo lenileni.

Ligi itatha, 2024 yonse inadutsa popanda sizoni ina ya A-Division. Sikoyamba. Pakati pa 2007 ndi 2009 ligiyi inaima chifukwa cha mkangano wa matimu ndi ANFA, ndipo itatha sizoni ya 2013-14 inadzayambiranso mu 2018, chivomerezi cha 2015 chitawononga bwalo la Dasharath komanso FIFA italetsa mtsogoleri wa ANFA, Ganesh Thapa, kuchita za mpira kwa zaka 10.

Apa ndi pamene mtima umandipweteka, chifukwa kwa wosewera ligi ndiye malipiro. Timu yosadziwa kuti iseweranso liti siingasainitse munthu kontrakiti ya zaka ziwiri. Imamulemba kwa miyezi ya mpikisano, ukatha aliyense kwawo. Amene amapumako ndi a matimu a boma atatu, Tribhuvan Army, Nepal Police ndi APF (timu ya apolisi a zida), poti ambiri mwa iwo ali pa ntchito ya usilikali kapena upolisi ndipo mwezi ukatha amalandira. Enawo amadalira zikho zing'onozing'ono zoti ukagonja kamodzi wapita, monga Aaha Rara Gold Cup ya ku Pokhara ndi Budha Subba Gold Cup ya ku Dharan, kapena Nepal Super League yomwe inayamba mu 2021. Super League imadzaza bwalo, ndalama zake n'zabwinoko, koma imatha m'masabata ochepa ndipo mulibe kukwera kapena kutsika. Munthu wa banja sangadye chaka chonse ndi ndalama za mwezi umodzi. Osewera ambiri, ena a timu ya dziko, ananyamuka kupita ku Australia kukagwira ntchito zina, mpira n'kumasewera m'matimu ang'onoang'ono kumapeto a sabata.

Akatswiri a 2023 nawonso zinawakhudza. Mu Ogasiti 2024 Church Boys inaimirira Nepal m'ndime yachipulula ya AFC Challenge League, mpikisano wa matimu a m'maiko a ku Asia, patatha chaka choposa chimodzi isanasewere gemu ya ligi, ndipo inatulutsidwa ndi Paro ya ku Bhutan.