Phwando la mwana la "kumunda": zokongoletsera zambiri muli nazo kale pakhomo

Mayi wina wa kuno ku Kasungu boma anandipeza mwezi wa Meyi foni ili m'manja. Mwana wawo wamwamuna amakwanitsa zaka 3, ndipo akuti kukacha nkhani yake imakhala ya ng'ombe basi. Anandionetsa chithunzi cha pa intaneti: khola lofiira la matabwa longa la ku America, mitolo ya udzu yomanga ndi makina, ndi mabaluni oposa 100 atapanga chipata. "Ndikufuna zangati izi, mundiuze mtengo," anatero.

Ndinawafunsa kuti, "Kodi mayi, mwanayu ng'ombe anakazionera kuti?" Iwo anati kwa agogo ake ku Chamama, komwe amakwera ngolo akapita kutchuthi. Pamenepo ndinadziwa chochita. Mwana wa zaka 3 amasangalala ndi chinthu chimene wachizindikira, n'kuchiloza, n'kuchitchula dzina. Khola lofiira lija kwa iye ndi nyumba wamba. Ngolo, nkhokwe, lichero ndi khola la mitengo ndizo munda umene akuudziwa. Ndakhala ndikukongoletsa malo a zisangalalo kwa zaka zingapo, ndipo ndisanayambe ntchitoyi ndinkaphunzitsa kusukulu ya mkombaphala. Maphwando a ana amene ndawaona akukoma ndi amene anawo anapeza zogwira ndi zoseweretsa.

Musanagule kanthu, pitani pamalo pamene padzachitikire phwandolo pa ola limene mwaitanira anthu, mukanjute pansi mpaka maso anu afike pamsinkhu wa mwana. Zimene mukuona pamenepo ndizo anawo adzaone. Ine ndinaphunzira zimenezi mochedwa. Phwando langa loyamba la ana ndinamangirira zithunzi zonse za nyama kudenga la khonde, akuluakulu n'kumayamikira, koma ana anathera tsiku lonse akukanganirana katoni imene ndinabweretsera zinthuzo. Chiyambire tsiku limenelo, chilichonse chimene ndapangira ana sichipitirira mita imodzi kuchoka pansi. Zam'mwamba ndimangoika pamalo amodzi, kuseri kwa tebulo la keke, kuti zithunzi zioneke bwino.

Malo a kuseri kwa keke amenewa ndiwo ofunika kuwatayira nthawi. Ndimazika nsichi ziwiri, n'kupingasa nsungwi, n'kuimika mapesi mothithikana ngati mpanda, kenaka ndimamanga ndi luzi kapena chingwe cha khonje. Pampandapo ndimakoloweka malichero atatu kapena asanu, lililonse lili ndi nkhope ya chiweto: ng'ombe, mbuzi, nkhumba, tambala. Makutu ndi mphuno ndimadula kukatoni, ndipo zomatira zake ndi phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, lomwe limagwira bwino pepala komanso silivulaza mwana akalinyambita. Dzina la mwana ndimalemba pa lichero lalikulu lapakati. Mukalemba ndi choko kapena kumata zilembo za pepala, licherolo mawa lake libwerera kukhitchini.

Ngolo ndiyo imaba mitima. Pezani katoni yaikulu kwa ogulitsa mafiriji kapena ma TV, muidule kumwamba, mbali zake mujambule mizere ya matabwa, mawilo mudule kukatoni ina. Kutsogolo muike ng'ombe ziwiri za katoni zoyera, mawanga ake mupake ndi makala osinja osakaniza ndi phala lija. Goli ndi kansungwi kakafupi. Ana amalowamo awiriawiri, wina n'kumakuwa ngati woyendetsa. Paphwando la mwana wa mayi aja, agogo ake aamuna anafika, n'kuima, n'kuyang'ana ngoloyo, kenaka anati, "Ana inu, goli mwamanga chagada." Anagwada pansi n'kulikonza okha, mdzukulu wawo atawagwira phewa.

Nkhokwe yaing'ono sivuta: dengu lalitali, pamwamba kadenga ka udzu, m'kati muike timphatso topatsa ana pobwerera. Maungu, mphonda, zikho, mitu ya mpendadzuwa ndi zitsononkho zouma zimadzaza pamene paoneka mpata. Pokhala ana yalani mphasa kapena mikeka. Mipando ya pulasitiki yobwereka ikhale ya akuluakulu. Patebulo yalani chitenje cha mtundu umodzi woonekera, ndipo mitundu yonse ya paphwando isapitirire itatu. Mapesi, madengu ndi mphasa zabweretsa kale mtundu wa udzu wouma, choncho kuwonjezera wobiriwira ndi wofiira n'kokwanira. Zoyala patebulo za pulasitiki yopyapyala ine ndinazisiya. Mphepo imaziulutsa, zikang'ambika mbuzi zimadya, komanso paja boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki) mu 2015, ndipo Khoti la Apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019.

Tsopano ndinene chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ife a kuno munda tinauzolowera moti timaiwala kuti si zonse za kumunda zimayenera dzanja la mwana. Mwana wa zaka 2 kapena 3 chilichonse amapititsa kukamwa.

Chimanga cha mbewu chogula m'sitolo, chija chofiirira kapena chobiriwira, chimaoneka chokongola m'botolo, ndipo ndinaonapo anthu atachithira m'mbale patebulo la ana. Mtundu umenewo amaupaka dala kuti tidziwe kuti mbewuyo ili ndi mankhwala ndipo siyodya. Chisayandikire paphwando. N'chimodzimodzinso chimanga cha m'thumba chimene munathira Actellic kapena mankhwala ena a anankafumbwe. Matumba a feteleza ndi zigubu za mankhwala opopera musazisandutse zokongoletsera ngakhale mutatsuka. Ndipo poti Kasungu ndi kwawo kwa fodya, nyengo imene mabelo akupita ku okushoni ya ku Chinkhoma masamba ndi ziguduli zimapezeka paliponse. Fodya asalowe paphwando la ana. Tsamba laliwisi, makamaka likanyowa, limalowetsa chikonga m'thupi kudzera pakhungu, munthu n'kumachita chizungulire ndi kusanza, ndipo mwana akatafuna louma lomwe akhoza kudwala kwambiri. Chiguduli chimakongola patebulo, koma chikhale chatsopano, osati chochokera m'chigafa.

Mapesi nawo amabwera ndi alendo. Atengeni kumunda kudakali masiku atatu, muwakunthe, muwayanike padzuwa, muyang'ane chiswe, zinkhanira ndi chisoso. Koposa zonse muyang'ane chitedze, chimene chimayanga m'mapesi a minda ya kufupi ndi tchire. Kamodzi kokha kakagwera pamphasa, phwando lathera pomwepo, ana onse akulira ndi kudzikanda. Kumbukiraninso kuti mapesi ndi udzu wouma sizichedwa kugwira moto. Poyatsa makandulo, kokerani tebulo la keke patsogolo mapazi angapo, ndipo mbaula yowotchera nyama ikhale kuseri kwa nyumba.

Za mabaluni sindiletsa, koma ndimachepetsa. Baluni ikaphulika, kachidutswa kake kakalowa kukhosi kwa mwana kamamatirira n'kutseka mpweya, n'chifukwa chake mapaketi ambiri amalemba chenjezo lokhudza ana osafika zaka 8. Mabaluni oyera 10 kapena 15 ojambulidwa mawanga akuda a ng'ombe, omangidwa pamwamba posafika ana, amakwana. Pakhale munthu mmodzi wamkulu wotola zidutswa nthawi yomweyo. Mu Okutobala, dzuwa likamawotcha, baluni yopopedwa kwambiri siifika masana, choncho muzipopa mosadzaza n'kuika pamthunzi.

Mtedza ndiwo umavuta kuwauza anthu, makamaka a ku Mchinji ndi kuno komwe mlendo timamulandira ndi mbale ya mtedza. Njere yathunthu ya mtedza, ngakhalenso mbuluuli, imatsamwitsa ana osafika zaka 5. Mukafuna mtedza uoneke, mangani mtolo wa wosaswa n'kuukoloweka pamwamba pampanda, ndipo wokazinga uperekedwe kwa akuluakulu okha. Patebulo la ana, chakudya chomwecho chikhale chokongoletsa: mbatata yophika yoduladula mulichero loyalidwa masamba a nthochi, zitumbuwa ting'onoting'ono m'dengu, nthochi, magawo a chigumu, mazira owiritsa m'chisa cha makoko a chimanga. Keke siyifuna zambiri. Yopakidwa zobiriwira pamwamba ngati msipu, n'kuikapo tizidole tiwiri ta ziweto, imakwanira, koma tizidoleto muchotse musanadule.

Makolo ena amafunsa zobweretsa ziweto zenizeni. Kamwana ka mbuzi kapena akalulu awiri m'kakhola kapambali, pamthunzi, pali munthu wamkulu woyang'anira, zimasangalatsa ana kwambiri. Anapiye ine ndimakana, chifukwa ana amawafinya mwachikondi mpaka kufa, komanso nkhuku zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba ngakhale zikuoneka zathanzi. Thadzi la anapiye limajompha, ndipo nkhope ya mwana ili pamsinkhu wake. Mukabweretsa chiweto chilichonse, pakhale chidebe cha mpopi ndi sopo pakati pa kakholako ndi malo odyera, ndipo mwana aliyense asambe m'manja asanakhudze chakudya. Chidebecho ndimachimata mawanga akuda ndi makutu a katoni, ana n'kumalimbirana kukasamba kwa "ng'ombe".

Nyengo ndiyo imakuuzani zimene mupeze. Kuyambira Epulo mpaka Julayi zinthu zimakhala mbwee: mapesi, maungu, zitsononkho, mpendadzuwa. Mu Juni ndi Julayi kumazizira m'mawa, ndiye yalani mphasa pamene pakuwomba dzuwa. Mu Ogasiti mphepo imagwetsa chilichonse chopepuka, choncho nsichi zizikidwe mozama, m'madengu muike miyala pansi, ndipo pabwalo muwaze madzi kuti fumbi ligone. Mwana wobadwa mu Januwale kapena Febuluwale phwando lake limakhala la pakhonde chifukwa cha mvula, ndipo mapesi ouma kulibe. Apo ndimadzala chimanga ndi nyemba m'zitini kudakali milungu iwiri, tsikulo n'kuzindandalika m'mbali mwa khonde ngati mizere ya m'munda. Mwana aliyense amapita kwawo ndi chitini chake.

Mayi aja anagula mabaluni 12, penti ya madzi ndi chingwe, zina zonse zinachokera kwa agogo ku Chamama pa matola. Patapita milungu itatu ananditumizira uthenga pa WhatsApp wofunsa ngati ndingawapezere katoni ina, chifukwa ngolo ija pansi pake panabooka ndipo mwiniwake akukana kuti itayidwe.