Kulemba dzina la woyimba kumapeto kwa filimu si chilolezo

Nyengo ya mipikisano ya mafilimu aafupi ikafika, ana a sekondale amayamba kubwera kuntchito kwanga kuno ku Harare, ena atatumidwa ndi aphunzitsi awo, ena ataperekezedwa ndi makolo amene timapemphera nawo limodzi ku Mufakose. Ntchito yanga ndi yolumikiza zithunzi ndi kukonza mawu a mafilimu, ndipo nthawi zina okonza mipikisano amandipempha kuti ndiwathandize kusefa mafilimu asanafike kwa oweruza. Mwana akandionetsa filimu yake pafoni, funso langa loyamba limakhala lakuti nyimbo imene ikumvekayo ndi ya ndani. Yankho lake ndimalidziwa asanatsegule pakamwa: “Musadandaule amalume, dzina la woyimba ndalilemba kumapeto.” Yankho limeneli ndalimva kwa zaka zambiri ndipo landitopetsa, makamaka chifukwa nthawi zambiri amene adamuphunzitsa mwanayo kuyankha chonchi amakhala munthu wamkulu.

Kulemba dzina la woyimba ndi ulemu chabe. Munthu atagwira mbuzi ya mnansi wake usiku n'kuipha paukwati, kenaka n'kuimirira pamaso pa anthu kulengeza kuti ndiwo zimene adyazo zachokera m'khola la a Phiri, palibe mfumu imene ingamumasule chifukwa chakuti watchula mwini mbuzi. Ku Zimbabwe nkhani ya umwini wa nyimbo ili m'lamulo lotchedwa Copyright and Neighbouring Rights Act, Chapter 26:05, ndipo nyimbo imatetezedwa popanda mwini wake kukailembetsa kulikonse. Chitetezocho chimakhalapo moyo wonse wa wopeka nyimbo ndi zaka zina 50 iye atamwalira. Ana ambiri amandiuza kuti nyimbo za Oliver Mtukudzi n'zaulere tsopano poti mkuluyo adatisiya mu January 2019. Werengani nokha zaka 50 kuchokera pamenepo, mupeza kuti mwana wa Fomu 4 lero adzakhala ndi zidzukulu nyimbozo zisanamasuke. M'maiko ena, monga a ku Ulaya ndi ku America, zakazo ndi 70.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti nyimbo imodzi imakhala ndi eni ake awiri. Pali amene adapeka mawu ndi maimbidwe ake, ndipo pali mwini wa chojambulidwa chimene mumamva pa wailesi, amene kawirikawiri amakhala kampani kapena munthu amene adalipira ku studio. Kuti muike nyimbo m'filimu mufunika chilolezo cha onse awiri, cholembedwa. Mukaiyimba nokha ndi anzanu a m'kalasi mwathana ndi mwini wachiwiri yekha, woyamba uja akadalipo. Mphunzitsi wina adandiuza kuti sukulu yawo imalipira ku ZIMURA, choncho ana ake alibe vuto. Bungwe limenelo limatolera ndalama za oyimba pamene nyimbo zikuseweredwa pagulu kapena pa wailesi, ndipo chiphaso chosewerera nyimbo pa tsiku la mphotho kusukulu sichipatsa munthu ufulu womata nyimboyo pa zithunzi zake n'kuzitumiza kumpikisano.

Palinso mabodza ena aang'onoang'ono amene sindifuna kutayapo nthawi. Palibe lamulo lonena kuti masekondi 30 a nyimbo ndi aulere. Kusapangirapo ndalama sikuchotsa mlandu. Nyimbo zimene mumazipeza mkati mwa TikTok kapena Instagram zidaloledwa kuti zizimveka mmenemo, ndipo mukazitulutsa n'kuziika m'filimu ya mpikisano mwachoka pamene chilolezocho chimathera.

Okonza mipikisano amaumitsa mtima pa nkhaniyi chifukwa filimu ikapambana amaionetsa pagulu, amaiika pa YouTube, mwinanso amaipereka ku wailesi ya kanema. YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID amene amazindikira nyimbo ya munthu ngakhale itamveka pang'ono pansi pa mawu a anthu olankhula, ndipo filimu ikhoza kutsekedwa tsiku lomwelo. N'chifukwa chake pafupifupi fomu iliyonse yolowera mpikisano imakhala ndi ndime imene inu, kapena kholo lanu ngati simunakwanitse zaka 18, mumasaina kutsimikiza kuti zonse za m'filimumo ndi zanu kapena muli nazo chilolezo. Ife osefa tikamva nyimbo yotchuka popanda kalata yake, filimuyo timaiika pambali, ndipo oweruza saiona n'komwe. Mwana amakhala akudikira zotsatira, n'kumaganiza kuti oweruza sadakonde nkhani yake, pamene nkhaniyo siidafike n'komwe pamaso pawo.

Pali mtsikana wina wa ku Tafara amene nkhani yake imandiwawabe. Adali mu Fomu 5, ndipo adajambula filimu ya mphindi zisanu yokhudza agogo ake aakazi, amene adabwera ku Salisbury, Harare wa lero, kuchokera ku Dedza ali mtsikana m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kutsatira amuna awo amene ankagwira ntchito m'nyumba za azungu. Adawajambula ndi foni ya mlongo wake, atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, akufotokoza za ulendo wawo ndi za abale amene sadawaonenso. Pakati pa kufotokozako agogowo adasiya kulankhula n'kuyamba kuyimba nyimbo ya pamtondo imene ankayimba ndi amayi awo, manja akutsanzira munsi. Mtsikanayo adandiuza kuti pojambula pamenepo iye mwini adalira.

Popeza adalibe kompyuta, adatenga zithunzizo kupita nazo kwa mnyamata wina m'tauni, mmodzi mwa aja okhala m'timashopu togawidwa ndi mathabwa amene amalowetsa nyimbo m'mafoni ndi kukonza makanema a maukwati. Mnyamatayo adamuuza kuti oweruza sangamve Chichewa ndiponso kuti nyimbo ya nkhalamba ingawagonetse tulo. Adadula mbali yonse ya pamtondo, n'kuyala nyimbo ya chikondi yotchuka ya ku Nigeria kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pansi pa mawu a agogo. Adamulipiritsa madola 20, n'kumutumizira filimuyo pa WhatsApp. Mlongo wake uja atadandaula kuti foni yadzaza, mtsikanayo adafufuta zithunzi zonse zoyambirira poganiza kuti ntchito yatha.

Adandipeza kutatsala masiku awiri kuti mpikisano utseke, ndipo chimene ankafuna n'chakuti ndimuthandize kudzaza fomu basi. Nditamva nyimboyo ndidamufunsa za zithunzi zoyambirira, iye n'kuyankha kuti, “Amalume, ndidazifufuta, koma filimu yonse ili pano.” Ndidamuuza kuti, “Mwanawe, ufa ukalowa m'madzi otentha subwereranso m'thumba.” Mawu a agogo ndi nyimbo zidali zitasakanizidwa kale kukhala chinthu chimodzi, ndipo WhatsApp idali itafinya zonsezo mwakuti ngakhale mapulogalamu olekanitsa mawu ndi nyimbo adangotulutsa mawu onga a munthu wolankhulira m'chidebe. Tidapita kwa mnyamata wa m'tauni uja, koma iye adali atachotsa kale zonse m'kompyuta yake kuti apeze malo a ukwati wina. Kujambulanso sikudatheke chifukwa agogowo adali atagonekedwa m'chipatala sabata yomweyo, ndipo atatuluka mawu awo sadabwererenso mwakale. Filimuyo siidatumizidwe. Chimandipweteka kwambiri n'chakuti nyimbo ya pamtondo ija, imene chilolezo chake chikadangofuna kuti agogo adinde chala papepala, ndiyo ikadanyamula filimu yonse, ndipo mwana adalipira ndalama kuti munthu aichotse.

Za Chichewa zija mnyamatayo adanama. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo oweruza mafilimu amaonera tsiku ndi tsiku mafilimu a m'zilankhulo zimene sazimva. Chimene mipikisano yambiri imafuna ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi mwa chithunzi. Muwalembe mwachidule, mizere isapitirire iwiri nthawi imodzi, ndipo mupatse mphunzitsi wa Chingerezi awerenge musanatumize. Mwana wobadwira ku Mabvuku kapena ku Dzivarasekwa amene kunyumba amamva Chichewa, panjira Chishona, kusukulu Chingerezi, ali ndi nkhani zimene ana ena alibe.

Nanga nyimbo muipeze kuti? Sukulu zambiri za mu Harare zili ndi gulu la marimba kapena kwaya, ndipo m'kalasi iliyonse mumapezeka mwana woyimba gitala kapena wopanga mabiti pa kompyuta. Mupempheni apeke kanthu katsopano ka filimu yanu, ndipo alembe papepala dzina lake, dzina la filimu, tsiku, ndi mawu akuti wakulolani kugwiritsa ntchito nyimboyo kulikonse kumene filimuyo idzaonetsedwe. Ngati ndi wosakwana zaka 18, kholo lake lisainenso. Chenjerani ndi kwaya, chifukwa nyimbo zambiri za m'tchalitchi zimene timaziyesa zakalekale zidapekedwa ndi anthu amene akadali moyo. Pa intaneti pali nyimbo za chilolezo cha Creative Commons, chimene eni ake amaperekeratu kwa aliyense, koma muwerenge zilembo zake: BY ikutanthauza kuti mutchule mwini, NC kuti musachitire malonda, ndipo ND sikulolani kuiphatikiza ndi zithunzi za filimu. Sungani chithunzi cha tsamba limene mwatengapo nyimboyo. Ine ndekha ndimakonda filimu yopanda nyimbo n'komwe, imene mukumveka tambala, tsache pabwalo, ndi kondakitala wa kombi akuitanira anthu patali.

Amene mukufuna kujambula Gule Wamkulu, umene UNESCO idauzindikira mu 2005, yambani mwakaonana ndi akuluakulu a gulewo, ndipo akakuuzani poyenera kulekezera mulekezere pomwepo. Ku dambwe si kopita ndi foni.

Makolo anzanga, ndibwerere kwa akamberembere onga mnyamata wa m'tauni uja, chifukwa ndalama zimene amadya ndi zanu. Munthu aliyense amene akukuuzani kuti amadziwana ndi oweruza, kapena kuti filimu ikadutsa m'manja mwake ipambana ndithu, mutalikirane naye. Mipikisano ya ana a sukulu kawirikawiri imafuna kuti ntchito yolemba, kujambula ndi kulumikiza ikhale ya ophunzira eni ake, ndipo munthu wamkulu angolangiza. Filimu yokonzedwa ndi wojambula maukwati imadziwika msanga: zilembo zouluka, zithunzi zotembenuzika ngati tsamba la buku, nyimbo yosalekeza. Ine ana akabwera ndimawakhazika pa kompyuta kuti adule okha, ine ndili pambali, ngakhale zitenge masiku atatu. Ngati mwana wanu wapita kwa wina kukapempha thandizo, zithunzi zoyambirira azisunge malo awiri, pa memory card ndi pa flash, ndipo zisafufutidwe mpaka zotsatira zitatuluka. Filimu yomalizidwa ailandire pa flash. Ngati palibe njira ina koma WhatsApp, itumizidwe ngati document kuti isafinyidwe.

Akathyali ena amabwera ngati okonza mpikisano. Uthenga umazungulira m'magulu a makolo wolonjeza ulendo wa kunja ndi kamera, koma mulibe malamulo olembedwa, mulibe dzina la bungwe limene mungalifufuze, muli nambala ya foni yotumizirako ndalama yolowera basi. Ena amalemba patapita masiku kuti mwana wanu wasankhidwa, ndiye mutumize ndalama ya satifiketi kapena ya chikho. Mipikisano yeniyeni ina imalipiritsadi polowa, makamaka ya kunja imene imalandira mafilimu kudzera pa tsamba la pa intaneti la FilmFreeway, koma imaonetsa poyera malamulo ake ndi mafilimu amene adapambana zaka zapitazo. Wopambana salipira kuti alandire mphotho yake. Mukakayika, pitani ndi uthengawo kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu musanatulutse dola ngakhale imodzi.

Akamberembere onsewa amadyera pa kuchedwa kwanu. Mwana amene watsala ndi masiku awiri amavomera chilichonse chimene wauzidwa, pamene amene watsala ndi mwezi ali ndi mpata wofunsa, wokajambulanso mbali imene mawu sadamveke, ndi wodikira kalata ya kholo limene lili ku Johannesburg. Ana a Fomu 4 ndi Fomu 6 akumbukire kuti mayeso a ZIMSEC a kumapeto kwa chaka akayandikira sadzakhalanso ndi nthawi ya filimu, choncho tchuthi cha April kapena cha August ndicho chojambulira. Filimu ya mphindi zisanu yooneka bwino imatha kulemera pafupifupi 375 MB, ndipo pa netiweki yofooka imene ikukweza 1 Mbps imafuna mphindi 50 kuti ikwere, magetsi akapanda kuzima ndiponso bandulo ikapanda kuthera panjira. Onaninso kuti ola lotsekera lalembedwa m'nthawi ya dziko liti. Mpikisano wa ku Tokyo ukamatseka pakati pa usiku, kuno ku Harare imakhala ili 5 koloko madzulo, ana akadali pamzere wa makombi ku Copacabana. Mundibweretsere filimu yanu kutatsala milungu itatu, pamodzi ndi zithunzi zoyambirira, malamulo a mpikisano osindikizidwa papepala, ndi makalata onse osainidwa.