Nkhope yolimba ya ku Moscow ndi tiyi wa kukhitchini

Pa ntchito yanga yoperekeza alendo ndi kuwamasulira chinenero ku Russia, pali funso lomwe limabwera tsiku loyamba lenileni, kawirikawiri tikutsikira ku sitima za pansi pa nthaka za ku Moscow. Mlendo amandikodola n'kufunsa monong'ona kuti, "Kodi anthuwa tawalakwira chiyani?" Wapereka moni kwa wogulitsa matikiti, wamumwetulira, koma uja wangomupatsa chenji nkhope ili gwa.

Palibe chomwe mwalakwa. Kwa anthu a ku Russia, kumwetulira si moni. Ali ndi mwambi wakuti kuseka popanda chifukwa ndi chizindikiro cha uchitsiru, ndipo ana amakula akuumva. Munthu amasungira kumwetulira kwake anthu owadziwa, ndiye akakumwetulirani dziwani kuti zachokera mumtima. Ife okulira kumene munthu sadutsa mnzake panjira osamufunsa m'mene wadzukira, zimenezi zimatibaya masiku oyamba. Koma taimani pa siteshoni mutabalalika ndi zilembo zawo 33 zija. Gogo wa nkhope yolimba yomweyo adzakugwirani mkono, kukukwezani sitima yoyenera, mwinanso kutsika nanu pomwe iye satsikira. Masiteshoniwo ndi oti muwaone mwachifatse. Njanjiyi inatsegulidwa mu 1935, ndipo ena mwa masiteshoni ake, monga Komsomolskaya ndi Mayakovskaya, ali ngati nyumba za mafumu, a miyala yosalala ndi zithunzi kudenga.

Ulemu wa m'mawu wokha sudzakuvutani, chifukwa ndi womwe tinayamwira. Iwo ali ndi "vy" ndi "ty", monga ife tili ndi "inu" ndi "iwe". Munthu wamkulu kapena wachilendo ndi "vy", mpaka iye mwini atanena kuti basi tiyeni tizitchulana "ty". Wamkulu satchulidwanso dzina lake lokha. Amaliphatikiza ndi la bambo ake: Ivan mwana wa Pyotr ndi Ivan Petrovich, mlongo wake Anna ndi Anna Petrovna. Mlendo amene waloweza mayina awiriwa a munthu amene wamuitana, wayamba bwino.

Ndipo akakuitanani kunyumba, pitani, ngakhale zitafuna kuti musiye ulendo wa tsikulo wa ku Kremlin, linga lakale la pakati pa Moscow. Khoma lofiira lija mudzalipeza mawa. Musapite chimanjamanja, keke kapena bokosi la chokoleti ndi zokwanira. Ngati mwasankha maluwa, awerengeni: akhale 3, 5 kapena 7. Maluwa ogawika pawiri, monga 2, 4 kapena 6, ndi opita nawo kumanda, ndipo ndinaonapo mayi wina akusolola duwa limodzi mwakachetechete pa mpukutu umene mlendo wanga anamupatsa, kuti asamuchititse manyazi. Chitseko chikatsegulidwa musatambasule dzanja mukadali kunja, chifukwa kupatsana moni wina ali mkati wina ali panja amati kumaitana mkangano. Lowani kaye, vulani nsapato pomwepo, ndipo adzakupatsani tapochki, timasilipasi ta m'nyumba. Amene anayendapo m'misewu ya chipale chosakanikirana ndi matope sangafunse chifukwa chake. Muluzu m'nyumba ayi, amati ndalama zimathawa.

Patebulo ndi pomwe alendo anga ambiri amagwa m'mbuna. Mumapeza padzaza kale: nkhaka zoviika m'madzi a mchere, bowa, nsomba ya mchere, masaladi, buledi wakuda wowawasira. Munthu amadya mpaka kumasula lamba, osadziwa kuti izi ndi zakuski, zotsegulira kukhosi chabe. Pambuyo pake pakubwera supu, kaya borshch wofiira kapena shchi wa kabichi, ndi supuni ya smetana, kirimu wa mkaka wowawasa, pamwamba, kenako mbale ya pelmeni, tizibumi ta ufa tokutira nyama. Idyani pang'onopang'ono, ndipo yamikirani chilichonse, chifukwa nkhakazo mwina anazilima okha ku dacha, kamunda kawo ka kunja kwa mzinda, n'kuzisunga m'mabotolo kuyambira chilimwe. Za vodka musaope. Ngati simumwa, nenani poyambirira momveka, ndipo adzakuthirirani madzi a zipatso. Chomwe sichikhala bwino ndi kumwa panokha ena asanakweze matambula, pakuti pamakhala mawu ofunira zabwino kaye, ndipo nthawi yanu yolankhula idzafika. Konzekeranitu mawu awiri othokoza mayi wa pakhomopo.

Kenako tiyi. Masamovar aja, ziwiya zazikulu zowiritsira madzi zomwe mzinda wa Tula unatchuka nazo, masiku ano ambiri angokhala zokongoletsa, koma mwambo wake ulipobe: tiyi wakuda wa ndimu, jamu m'kambale, ndi kucheza kosayang'ana wotchi. M'nthawi ya Soviet Union, anthu ankakhala m'tinyumba tating'ono ndipo poyera sankalankhula momasuka, choncho kukhitchini ndi kumene ankamasulirana zakukhosi ndi anzawo owakhulupirira. Mpaka lero, mukaona mwasamutsidwa kuchoka pabalaza kupita pa katebulo ka kukhitchini, dziwani kuti sakukuonaninso ngati mlendo. Munthu yemwe uja wa nkhope ya gwa adzakuuzani za agogo ake, za matenda a mwana wake, n'kukufunsani mafunso olunjika oti kwathu tikanayamba tazungulira.

Pamenepa pali chinthu chimene ndimachinena mosabisa kwa aliyense. Dzikoli lili pa nkhondo ndi Ukraine kuyambira February 2022, ndipo mu March chaka chomwecho anakhazikitsa lamulo lomwe lingamangitse munthu mpaka zaka 15 chifukwa cha zomwe boma lati ndi nkhani zabodza zokhudza asilikali. Musakakamize amene wakulandirani kuti anene maganizo ake. Inu mudzakwera ndege, iye adzatsala. Nkhondo yomweyo ndi imene inachititsa kuti makhadi a Visa ndi Mastercard a mabanki akunja asiye kugwira ntchito kumeneko, ndiye tengani madola kapena mayuro atsopano, osang'ambika, oti mukasinthe ku banki. Pasipoti muziyenda nayo, pamodzi ndi kapepala komwe amakupatsani polowa m'dziko, ndipo onetsetsani kuti hotela yakulembetsani.

Amene sanapeze womuitana kunyumba akwere sitima ya usiku. Ya liwiro yotchedwa Sapsan imafika ku Saint Petersburg kuchokera ku Moscow m'maola anayi okha, koma mmenemo aliyense amangoyang'ana foni. Ine ndimakonda platskart, bogi lotseguka la mabedi 54. Kumapeto kwake kuli thanki ya madzi otentha, ndipo provodnitsa, mayi woyang'anira bogilo, amakubweretserani tiyi m'tambula yagalasi yokhala m'chigwiriro chachitsulo. Sitima isanayende ola limodzi, anthu avala kale masilipasi, ndipo woyandikana nanu wafunyulula nkhuku yowotcha ndi mazira owiritsa n'kukankhira kwa inu. Njanji yodutsa Siberia, yomwe anayamba kuimanga mu 1891, ndi ya makilomita oposa 9,200 kuchoka ku Moscow kukafika ku Vladivostok, ulendo wa pafupifupi sabata. Simuyenera kuimaliza yonse. Tsikirani ku Irkutsk mukaone nyanja ya Baikal, yakuya mamita 1,642, kuposa kawiri kuya kwa Nyanja ya Malawi, ngakhale zonse ziwiri zinabadwa mofanana, pa mng'alu wa nthaka. Mu February ndi March madzi ake amaundana mpaka galimoto kuyenda pamwamba.

Posankha masiku, kumbukirani kuti chikondwerero chachikulu cha banja ndi Chaka Chatsopano. Khirisimasi ya mpingo wa Orthodox imabwera pa 7 January potsata kalendala yakale. Mukalowa m'tchalitchi, amayi funditsani mpango kumutu, abambo vulani chipewa, ndipo konzekani kuima mapemphero onse. Kumapeto kwa nyengo yozizira kuli sabata ya Maslenitsa ya zitumbuwa zopyapyala zotchedwa blini. Pa 9 May amakumbukira kugonjetsedwa kwa Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inapha anthu a Soviet Union pafupifupi 27 miliyoni. N'kovuta kupeza banja lomwe silinataye munthu, choncho si tsiku la nthabwala.

Tsiku lonyamuka, zikwama zili kale pakhomo, jekete mwavala, taxi ikudikira pansi, mwini nyumba adzati, "Prisyadem na dorozhku," kutanthauza kuti tikhale pansi pang'ono ulendo usanayambe. Onse amakhala, wina pampando, wina pa sutikesi yanu yomwe, ana nawonso, ndipo kwa mphindi imodzi palibe wolankhula. Musayang'ane wotchi. Wamkulu akadzuka, nanunso dzukani, nyamulani katundu.